Phiri Silimva za pa Wani

Tobiasi Mwale ankakhala m'mbali mwa mtsinje wa Mazowe pamodzi ndi injini. Ntchito yake inali kuithira dizilo, kuipukuta, ndi kuimvera ikamakankha madzi kupita kumtunda, kumgodi wa golide umene anthu ankautcha Kwa Chipewa chifukwa manijala wake sankavula chipewa ngakhale mu ofesi. Kuchoka papampu kukafika kukomboni unali ulendo wa theka la tsiku wapansi. Kupatula injini, panalinso nkhuku yathadzi imene inangotulukira m'tchire tsiku lina, n'kuona kuti pamalopo palibe tambala wovutitsa, n'kukhazikika.

Injiniyo inkayankhula tsiku lonse, koma nkhani yake inali imodzi.

Kwawo kwa Tobiasi kunali ku Dedza, kufupi ndi mtsinje wa Linthipe. Pochoka anauza mkazi wake, Alinesi, kuti akukagwira ntchito zaka ziwiri basi, agule njinga, abwerere. Njinga anaguladi. Inayenda, inakalamba, inafa, ndipo zaka ziwiri zija zinabereka ana ndi zidzukulu. Alinesi anatsala pamudzi wa makolo ake, pamene Tobiasi anali mkamwini, ndi munda umene malume ake a mkaziyo anamulozera kuti azilima.

M'chaka cha 1957 mgodi unagula mawailesi oyankhulirana. Kunabwera mzungu wa zamagetsi, wamng'ono ndithu, wofiira m'khosi, n'kukhomera bokosi lobiriwira pakhoma la nyumba ya injini, n'kuimika kandodo kachitsulo padenga. Pabokosipo panali choyankhulira cha batani, ndi kachitsulo kotembenuza kokhala ndi manambala awiri.

"Lo wan, wena kuluma duze," anatero m'Chilapalapa, chiyankhulo cha pamigodi. "Lo tu, wena kuluma lapa ntaba." Ndiye kuti pa wani uyankhula ndi wapafupi, pa thuu uyankhula kudzera paphiri. Analoza phiri la kumpoto kwa mgodi, pamene anali atazika mlongoti ndi kumanga kanyumba ka makina. "Wena yizwile?"

"Yizwile, bwana," anayankha Tobiasi.

Anali atamva theka. Koma munthu wa imvi m'ndevu sangauze mwana wofiira m'khosi kuti abwereze.

Amene anayesa kudzaza theka linalo anali Pensulo Mbewe, dalaivala wa lole ya mgodi, wa kutsidya kwa Linthipe yemweyo. Pamgodi wonsewo anali yekhayo amene ankadziwa mudzi wa Alinesi popanda kumulongosolera. Msewu wochoka kumgodi kupita ku Bindura unkadutsa kumtunda kwa pampu, pamtengo wa mkuyu pamene panayambira kanjira kotsikira kumtsinje. M'lole mwake anaikamonso bokosi. Tsiku lina anaimika lole pamkuyupo n'kutsika wapansi, akudandaula za mawondo njira yonse, kuti adzaone bokosi la mnzake.

"Tamverani, aMwale," anatero atakhala pamgolo wa dizilo. "Pa wani tili ngati anthu awiri ofuulirana wina tsidya lino, wina tsidya ilo. Njira ndi imodzi. Mukadina batani, makutu a bokosi amatsekeka, simumva kanthu kufikira mutasiya. N'chifukwa chake mukatha kuyankhula mumati 'ova', kuti mnzanu alowe."

"Ndikudziwa."

"Pa thuu ndi zina. Mawu anu sabwera kwa ine ayi. Amakwera kuphiri panjira yawoyawo, phiri n'kuwafuula panjira inanso, ndipo aliyense amene ali pa thuu amangomvera pakamwa pa phiri basi. Ofesi, chipatala, kapitawo wa komboni, onse. Ngakhale titakhala pamphasa imodzi, tonse tili pa thuu, phiri likagona sitingamvane."

"Ndikudziwa, aMbewe. Mzungu wandiuza zonse."

"Ndiye za pa wani, phiri sili—"

"Ndati ndikudziwa. Imwani tiyi, wazizira."

Pensulo anamwa tiyi.

Lamulo linali lakuti bokosi la papampu lizikhala pa thuu, ndipo m'mawa uliwonse Tobiasi azinena kuti injini ili bwino. Ankanena. Akasiya batani, phiri linkachita kakhosomo kakang'ono, tchi, ngati munthu wamkulu wovomereza kuti wamva. Paphiri sipankaloledwa macheza, sipankaloledwa Chinyanja, sipankaloledwa kuseka. Koma za pa wani sizinkapita patali. Zinkangofika pamene diso lingafike, ndipo ofesi inali kuseri kwa mapiri. Ndiye masiku a lole, mthunzi wa thanki ukakhudza mwala wochapira, Tobiasi ankatembenuza kachitsulo kaja kupita pa wani, n'kukhala pamgolo, n'kudikira.

"Pampu, pampu, mwadzuka? Kapena nkhuku yakudyani? Ova."

"Nkhuku ili bwino, ikupereka moni. Lole yanuyo ndikuimva kuno ikulira ngati mbuzi yomangidwa. Ova."

"Si lole imeneyo, ndi m'mimba mwanu. Mukudyabe nyemba za mgodi? Ova."

Macheza awo ankayambira pamkuyu n'kuthera pamene msewu umakhotera kuseri kwa chitunda chamiyala. Pamtunda umenewo lole inkakwawa, choncho nthawi inalipo ndithu yonena yemwe wamwalira, yemwe wakwatira Mshona, ndi yemwe wachotsedwa ntchito. Vuto linali limodzi. Pensulo anali mkulu wa mpingo, ndipo batani ankaligwira monga ankagwirira guwa. Akadina, ankaiwala kuti "ova" ndi mawu amene amanenedwa. Ankangopitiriza, kuchokera pamtengo wa sopo kukafika kwa Nowa, mpaka lole kufika pachitunda. Pamenepo mawu ake ankayamba kuthetheka ngati mtedza pachiwaya, kenaka zii. Nkhani zambiri za Pensulo, Tobiasi sanamve mathero ake.

Chaka chitangoyamba, tsiku lina Pensulo sanafunse za nkhuku.

"AMwale, lero ndilibe nthabwala. Wafika munthu wa kwathu, Enoki. Akuti malume ake a Alinesi atopa. Akuti munda wa mkamwini wamera mitengo yoti munthu n'kuchekamo matabwa. Ndiye agwirizana chonchi: munthu woyamba wa kuno kubwerera kumudzi akakafika chimanjamanja, wopanda ngakhale kansalu kochokera kwa inu, basi, akuwerengani mtchona, mkaziyo amumasula. Ndipo woyambayo ndine, chifukwa mvula ya chaka chino ikamayandikira ndikupita, ndatopa ndi mawondowa. Ndiye gulani nsalu, akulu. Osati yamaliro ayi, yooneka. Paja pamene Yakobo anapita kwa Labani—"

Chitunda chinameza Labani.

Mtchona ndi munthu amene anapita kukafuna ndalama n'kumezedwa ndi dziko la eni. Sali kumanda, koma kwawo samusungira mbale. Tobiasi sankadziwerengera m'gulu limenelo. Machona anali ena aja a kukomboni, oledzera, oiwala mayina a ana awo. Iye anali munthu amene wangochedwa pang'ono.

Mwezi wotsatira kunagwa mvula yaikulu kumtunda, Mazowe n'kuyamba kukwera masana dzuwa likuwala. Tobiasi anaona madzi akunyambita khwerero la nyumba ya injini. Anadina batani pa thuu.

"Ofesi, ofesi, lo pampu. Lo manzi yena kwela sterek. Ova."

Tchi, linatero phiri. Kenaka kunamveka mawu amene Tobiasi anali asanawamvepo akumutchula dzina. Anali a Chipewa mwiniwake.

"Mushle, Tobias. Mushle sterek." Ndiye kuti wachita bwino, bwino kwambiri.

Anatumiza anthu ndi matumba a mchenga, injini inapulumuka. Koma chachikulu sichinali chimenecho. Chachikulu chinali chakuti "mushle sterek" uja anadutsa paphiri. Anamva a kuchipatala, anamva kapitawo, anamva aliyense amene anaima pafupi ndi bokosi. Anyamata a matumba a mchenga pochoka anamutsanzika kuti, "Tsalani bwino, Bwana Pampu." Ankaseka. Tobiasi sanaone chosekera, popeza dzinalo linkamukwana.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kumeta ndevu asananene lipoti la m'mawa. Ankaima chilili poyankhula, malaya atamanga mpaka m'khosi. Ndipo anayamba kuganiza. Bwanji Chipewa atamuitananso, iye ali pa wani, akukamba za nyemba ndi dalaivala? Munthu amene manijala amamudziwa dzina sangamapezeke pa nambala yaing'ono. Anaganizanso mozama kuposa pamenepo. Phiri ndi lalitali. Mlongoti uli pamwamba pa phiri. Chinthu chokhala pamwamba chotero, chimene chimamva mawu ochokera kuchipatala ndi ku Bindura komwe, chingalephere bwanji kumva lole imene ikudutsa m'munsi mwake? Komanso thuu ndi wamkulu kuposa wani, ndipo m'chachikulu chaching'ono chimalowa. Ndiye kuti Pensulo akaitana pa wani, phiri limva, libweretsa.

Maganizo amenewa anawayesa pa nkhuku, ndipo nkhuku sinatsutse.

Anatenga kawaya ka kopa, n'kumanga kachitsulo kotembenuza kaja pa thuu, n'kupotokola ndi pulayala kuti kasasunthe ngakhale mwangozi.

Tsiku la lole mthunzi wa thanki unakhudza mwala wochapira. Tobiasi anakhala pamgolo. Palibe anafunsa za nkhuku. Dzuwa litapendeka anamva mawu a Pensulo kudzera paphiri, ouma, a m'Chilapalapa, akuuza ofesi kuti lole yafika ku Bindura. Ndiye bokosi linali bwino. Mawu a Pensulo ankafika. Moni yekha ndiye sankafika.

Wadwala chimfine, anaganiza Tobiasi tsiku loyamba. Sabata itatha anapeza dzina lenileni la matendawo: nsanje. Munthu wayendetsa lole zaka zonsezi, Chipewa sanamuuzepo "mushle" pamaso pa anthu. N'zomveka. Tobiasi anaganiza zomukhululukira, koma anaona kuti ndi bwino wolakwayo ayambe wapepesa.

Inatha mvula, kunabwera chisanu. M'mawa mtsinje unkafuka nkhungu, ndipo Tobiasi ankawotha manja pachitsulo cha injini. Pa thuu pankadutsa mawu ambiri: ofesi kufunsa matabwa, chipatala kufuna galimoto, kapitawo kudandaula za mowa wa kukomboni. Onsewo ankayankhulana wina ndi mnzake, Tobiasi ali pakati ngati mlendo pamaliro a mudzi wina. Chipewa sanamuitanenso. Mwina madzi sanakwerenso mokwanira. Masiku a lole ankakhalabe pamgolo, koma tsopano ankanamizira kusoka nsapato.

Mwezi wa fumbi utafika, tsiku lake lopuma anayenda kupita kusitolo ya mgodi n'kugula nsalu. Inali yabuluu, ya mbalame zachikasu, yooneka. Wogulitsa anaikulunga m'pepala la thumba la simenti. Potuluka pakhomo anakumana maso ndi maso ndi Pensulo.

"Muli bwanji, Bwana Pampu?"

"Tili bwino, kaya a Dalaivala?"

"Tili bwino. Ntchito zikuyenda kumtsinjeko?"

"Zikuyenda. Maudindo okhaokha."

"Eya, timamva. M'mawa uliwonse timamva."

Pensulo anayang'ana phukusi lili m'khwapa mwa mnzake. Tobiasi anayang'ana denga la sitolo, limene linali la malata monga linalili nthawi zonse. Akanangotambasula dzanja, nkhani ikanathera pomwepo. Koma nsalu ya mkazi siperekedwa pakhomo la sitolo ngati fodya. Imaperekedwa patsiku lotsanzikana, anthu atakhala pansi, ndi mawu oti akanenedwe kwa malume. Ndipo mwambo ndi wakuti wopita amabwera kudzatsanzika otsala. Pensulo nayenso ankadziwa mwambo: wotsala ndiye amatuluka kudzaperekeza wopita. Miyambo iwiriyi ndi yoona yonse, ndipo makolo amene anaikonza ankayembekezera kuti anthuwo azilankhulana.

"Pitani bwino, Bwana Pampu."

"Zikomo, a Dalaivala."

Kumtsinje anapachika phukusi lija pamsomali, pamwamba pa bokosi, pamene makoswe sakanafika.

Mvula yoyamba inabwera Lachiwiri lina masana, ndi mphepo ndi ziphaliwali. Mphezi imodzi inagwa kumpoto, yaikuluikulu, moti nkhuku inalowa pansi pa injini. Mvula itakata, pabokosi panali zii. Ofesi sinkafunsa matabwa. Kapitawo sankadandaula.

M'mawa mwake Tobiasi anameta ndevu, anamanga malaya, anadina batani.

"Ofesi, ofesi, lo pampu. Zonke mushle. Ova."

Anasiya batani. Kakhosomo kaja sikanamveke.

Anaona, sikuti sanaone. Koma anapeza chifukwa: azungu ayenera kuti akonza makina kuti asamakhosomole munthu wamkulu akatha kuyankhula. Za kukhala chete kwa ofesi, mwina analamula kuti pa thuu pazingoyankhula anthu ofunika okha. Popeza tsopano njira inali yopanda anthu, Tobiasi anatalikitsa malipoti ake. Lachinayi anafotokoza za mtundu wa madzi. Lachisanu anawonjezapo malangizo pa kasungidwe ka dizilo. Palibe anamudula mawu, ndipo iye anaona kuti ulemu wotere sanaulandirepo chibadwire.

Loweruka m'mawa anali pakati pofotokozera ofesi za lamba wa injini pamene Spiwe anatsika kanjira ndi dengu pamutu. Spiwe anali mayi wa Chishona wa m'midzi ya kumtunda, amene ankabwera nthawi zina kudzagulitsa masamba ndi tomato. Monga Ashona onse, munthu aliyense wa ku Nyasalande ankamutcha Achimwene.

"Mangwanani, Achimwene," anafuula kuti apose injini.

Tobiasi anamukwezera dzanja kuti adikire, anamaliza chiganizo chake, anati "ova", ndiyeno anatembenuka.

"Mangwanani, amai."

"Nanunso mukuyankhula ndi dzanja?" anatero Spiwe akutula dengu. "Anthu a kwanu ndi matenda anu amenewa eti? Pamkuyu paja paima lole chiyambire dzuwa lisanatenthe. Mdala wa mawondo uja wavala jekete ndi tayi, kumbuyo kuli sutikesi ndi njinga yatsopano. Wangokhala, akusuta, akuyankhula ndi dzanja lake. Mnzake amene ali naye wachita kugona."

"Akuyankhula ndi ofesi."

"Ofesi yake iti? Simunamve? Mphezi ija inawotcha kanyumba ka paphiri. Ana athu anakaona, makina achita kuda ngati mphika. Azungu akuti mpaka zitsulo zichokere kulikulu, ku Sozibele." Anasankha tomato atatu n'kuwaika pamgolo. "Ndiponso ofesi dzina lake si Mwale. Iyeyo akungoti aMwale, aMwale."

Tobiasi anayang'ana bokosi. Anayang'ana kawaya ka kopa. Kunja injini inkanena nkhani yake ija. Theka lija limene mzungu ananena, ndi theka lina limene linazizira m'tiyi, zinakumana m'mutu mwake mwakachetechete, mochedwa ndi miyezi yambiri.

Pulayala sinali pamalo pake. Anapotokola waya ndi zala, waya n'kumucheka, anaupotokolabe mpaka unaduka. Anatembenuza kachitsulo.

Mawu a Pensulo anadzaza nyumba yonse, apafupi ngati ali pamgolo. Kumbuyo kwake kunkamveka lole ikulira, ikuyenda.

"—ndiye fodya wanga watha, aMwale, ndipo sitima siyembekeza mkulu wa mpingo. Jasper, dalaivala watsopanoyu, akuti tikachedwanso andisiya panjira, ndiye ndamupatsa chiwongolero, aphunzire, poti lole ndi yake tsopano. Ine ndaima. Musadzanene kuti sindinaime. Ndaliza hutala mpaka Jasper watukwana."

Tobiasi anadina batani. "AMbewe, ndili pano. Imani. Nsalu ilipo. Imani pomwepo, ndikubwera. Ova."

Anasiya.

"—chifukwa kuyambira mwezi wa madzi osefukira uja, ulendo uliwonse ndakupatsani moni pamkuyu. Ulendo uliwonse. Ndakuuzani za imfa ya a Chikaipa, simunayankhe. Ndakuuzani tsiku la ulendo wanga kawiri konse, simunayankhe. Ndinati mwina bokosi lafa, koma m'mawa timakumvani paphiri mukuyankhula ngati bwanamkubwa. Ndiye ndinati, chabwino, munthu wakwezedwa. Sindikukwiya ayi. Ngakhale Yosefe atakwezedwa ku Iguputo—"

Anadinanso. "AMbewe, siyani batanilo. Siyani Yosefe. Nenani ova." Mawu ake anamveka aang'ono m'nyumbamo. Spiwe anasiya kusankha masamba.

Anasiya batani. Mawu a Pensulo anali atayamba kuthetheka m'mbali.

"—kunama sindinganame, ndine munthu wa mpingo. Akandifunsa ngati muli moyo, ndikati ali moyo, chifukwa madzi akubwerabe kukomboni. Akandifunsa ngati mwandipatsa kanthu, ndikawaonetsa manja angawa. Phukusi lija ndinaliona kusitolo, koma sindikudziwa mwini wake, mwina pali wina kumtsinjeko, sindikufunsa. Alinesi ndikamuuza kuti mwanenepa pang'ono. Nkhuku ija mui—"

Mtedza pachiwaya. Kenaka zii.

Tobiasi anadikira. Mwina lole ikanaima kuseri kwa chitunda, mwina Pensulo akanakumbukira chinachake. Anadina, anaitana, anati ova, anamvera. Bokosi linkangopuma.

"Anati chiyani?" anafunsa Spiwe, amene Chinyanja ankachimva cha pamsika chokha.

"Akutsanzika."

"Nanga inu simunamuyankhe?"

"Njira ndi imodzi, amai. Wina akamayankhula, wina amakhala chete."

Anachotsa phukusi pamsomali n'kuyamba kukwera kanjira. Sanathamange. Ankadziwa kuti lole ili kutali, ndipo munthu wa msinkhu wake akathamanga ndi phukusi m'khwapa anthu amati waba. Komabe pofika pamkuyu malaya anali atanyowa ndipo batani la m'khosi linali litaduka.

Pansi pamtengo panali mapazi a matayala m'matope, ndi dontho la oyilo. Pafupi ndi pamene panali chitseko cha dalaivala panali zotsala za ndudu. Sizinali za ndudu imodzi. Pensulo, amene ndudu imodzi ankaisuta masiku awiri, anali atasuta pamenepo fodya wa sabata yonse. Kuchokera pamkuyupo denga la nyumba ya injini linkaoneka bwinobwino m'munsimu, ndi kandodo kachitsulo kaja pamwamba pake. Munthu wamphamvu akanaponya mwala kawiri, ukanagwera pamalatapo.

Anakhala pamuzu wa mkuyu mpaka lole inabwerera madzulo. Jasper, bambo wa ku Masembura wosakonda mawu, anaimitsa osazimitsa injini. Anati sitima yapita pa nthawi yake, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri. Anayang'ana phukusi, anafunsa ngati ndi la kumgodi. Tobiasi anati ayi. Lole inapita.

Phiri analikonza patatha masabata angapo. Linayambanso kukhosomola, koma Tobiasi sanalimve, chifukwa kachitsulo kanatsala pa wani. Ofesi inaitana pampu m'mawa wina, inaitananso mawa lake, ndipo kalaliki wina ananena kuti mwina atumize munthu akaone. Chipewa anatsegula mpopi wa kuseri kwa ofesi, madzi anatuluka, nkhani inathera pomwepo. Pambuyo pake mzungu wofiira m'khosi uja anabwera, anakalipa m'Chilapalapa, n'kubwezera kachitsulo pa thuu. Tobiasi anati yizwile. Kuyambira pamenepo ankanena lipoti lake m'mawa, lalifupi, atakhala pansi, kenaka n'kutembenuzira pa wani tsiku lonse. Jasper sankayankhula pa wani. Analibe woyankhula naye kumeneko.

Chimanga chitacha kunafika anthu ena ochokera ku Dedza. Uthenga unatsika ndi ngolo ya dizilo, m'kamwa mwa woyendetsa ng'ombe amene anaunena akumasula migolo: malume aja anamumasula Alinesi, ndipo wakwatiwa ndi mmisiri wa matabwa wa pamudzi pomwepo. Akuti mitengo ya m'munda muja ndiyo anayambira kucheka.

"Ndi munthu wodziwa ntchito?" anafunsa Tobiasi.

"Akuti zitseko zake zimatsekeka."

"Ndiye zili bwino."

Tsiku lomwelo anamasula pepala la simenti. Nsalu inali monga anaigulira, mbalame zachikasu zonse zilipo. Nyengo ya fumbi inali pafupi, ndipo mzungu anali atanena kuti fumbi limawononga makina. Anaipinda pawiri n'kufunditsa bokosi, n'kusiya pang'ono pamene pamatulukira mawu.

Mthunzi wa thanki utakhudza mwala wochapira, anakhala pamgolo. Nkhuku inabwera, inayang'ana mbalame za pansaluyo ndi diso limodzi, kenaka ndi linalo, n'kupita kukafukula kuseri kwa nyumba.